Zomveka pa Kasiya: sikelo, makuponi ndi nthutumba ya nkhuku

Pa Kasiya masiku ano mukangokhala pansi, musanafunse n'komwe, wina akuuzani za mayi amene anapachika mwana pasikelo ya venda. Kumjigo nkhani ndi yomweyo, kuchigayo ndi yomweyo, ndipo a kabaza, amene dzuwa sililowa osakanganapo za Bullets ndi Wanderers, aika kaye mpira pambali. Mmene ikumvekera, mayiyo anabwera ndi thumba la soya kuchokera cha ku Nsaru. Atayeza kwa venda woyamba mtima sunakhazikike, ndiye analisenza kupita kwa wachiwiri, chapafupi pomwepo, koma kumeneko thumba lija linapezeka kuti laonda ndi makilogalamu awiri. Mayi sanakalipe ayi. Anangotsitsa mwana kumsana, kumukulunga bwinobwino m'chitenje, n'kumukoleka pangowe. Kenako anatulutsa buku la kuchipatala, poti dzulo lake anali atapita naye kukayezetsa, napempha mnyamata wa sukulu amene anali pompo kuti awerenge mokweza zimene analemba a zaumoyo. Mwana wa eni anapezeka kuti wapunguka usiku umodzi wokha.

"Achimwene, mwanayu wamwa phala m'mawa uno, mbale yonse. Ndiye wathera pati?"

Ena akuti venda anaseka nawo n'kuwonjezera ndalama, ena akuti anapachikula sikelo yake n'kulowera kuseri kwa magolosale. Wina akulumbira kuti zimenezi zinachitika pa Kabudula chaka chatha, wina akuti pa Namitete. Anthu akuikonda nkhaniyi chifukwa aliyense ali nalo thumba lake limene linaonda m'manja mwa munthu.

Sikelo zili ndi eni ake oziyang'anira. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayenera kutsimikiza kuti sikelo zamalonda zikunena zoona n'kumatapo chizindikiro, koma nthawi yokolola sikelo zimapachikidwa pamtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu, ndipo zambiri sizinaonanepo ndi munthu wa bungweli. Mitengo nayo ili ndi mwini wake. Chaka ndi chaka Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira pogula mbewu: mu 2023 chimanga chidaikidwa pa K500 pa kilogalamu, mu 2024 pa K650. Anthu amaimva pawailesi ndipo amaisunga m'mutu. Koma wailesi sigula chimanga. Amene amafika pakhomo mu Epulo ndi Meyi, ndalama zili m'manja, ndi venda, ndipo amafika pamene fizi ya teremu yachitatu ikufunika, ngongole yakhwima, mchere ndi sopo zatha. Mlimi amagulitsa chifukwa sangadikire. Ikafika Januwale, munthu yemwe uja amapita pamsika ndi kachigoba kukagula chimanga chomwe chija pamtengo wowirikiza. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 lidayandikira K100,000 m'misika ina, ndipo ena mwa amene ankaima pamzere wa tiufa ta m'mapepala, tija amati wokumani, ndi omwe adalima chimangacho.

Mavenda nawo ali ndi pakamwa. M'tiyirumu ina wina anayankha atamupanikiza. "Inu amalume mumangoona nkhope yangayi. Ndalamazi si zanga, n'za bwana wa m'tauni, ine ndimangonyambitako. Nanga mchenga umene mumathira pansi pa thumba? Nanga soya wowaza madzi usiku?" Tiyirumu yonse inagwa nako kuseka, chifukwa ochita zimenezo amadziwika ndi mayina omwe. Ndimamumvetsa mnyamatayo. Iye ndi amene mlimi amamuona ndi maso, koma mtengo umachokera kutali, kwa eni nyumba zosungiramo katundu ndi makampani ochepa a ku Kanengo ndi m'tauni amene amayenga mafuta ophikira ndi kupanga chakudya cha nkhuku. Chibwerereni tala pamsewu wa Lilongwe–Kasiya–Santhe, odwala amafika msanga kuchipatala ndipo tomato safika atavunda pamsika, zimene tonse timayamika. Msewu womwewo wafupikitsanso ulendo wa malole otulutsa chakudya.

Akuluakulu akamva zotere amayamba za ADMARC. Amakumbuka kuti msika unkatsegulidwa pa nthawi yake, sikelo inali imodzi, ndipo njala ikavuta chimanga chinkabwerera pamalo pomwepo pamtengo wofikirika. Zimenezi n'zoona, ngakhale chikumbumtima chimasiya zina. ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971, inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, ndipo phindu lake lambiri linkathandiza kukuza maesiteti a anthu akuluakulu. Mu 1987 boma lidalola amalonda ena kugula mbewu, ndipo misika yambiri ya kumidzi idayamba kutsekedwa. Mu 2022 bungweli lidatsekedwa kwa kanthawi, antchito ake n'kuchotsedwa, kuti likonzedwenso. Dandaulo la lero ndi lakuti ndalama zogulira zimafika mochedwa, chimanga chitachoka kale m'manja mwa mlimi. Zikatero mtengo wabwino uja amaulandira ndi venda.

Amayi a banki m'khonde ina cha ku Nambuma akuti atopa nazo. Asonkherana, agula sikelo yawoyawo ndi matumba a PICS, aja osunga mbewu popanda mankhwala poti anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya. Apangana kuti wopanikizika mu Meyi azikongola kugulu m'malo mothamangira kumsewu, chimanga chikhale mpaka mitengo itadzuka. Mkangano umene watsala ndi wa kumene sikelo izigona. Kwa atcheya ayi, akuti bambo a pakhomopo amabwereketsa chilichonse, ndi khasu la eni lomwe. Kwa amsungichuma ayi, ali kale ndi bokosi. Pakadali pano sikelo ikugona mosinthanasinthana, ndipo aigulira chitenje chakechake. Amayiwa agwira pamene pali nthenda. Mabungwe a alimi monga NASFAM akhala akunena zogulitsa pagulu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma gulu limalimba pokhapokha likakhala ndi kandalama kotonthozera membala amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sabata yomweyo.

Nkhani imene imanenedwa motsitsa mawu ndi ya chimanga chogulitsidwa chidakali m'munda. Mu Januwale munthu amakatenga ndowa imodzi kapena kandalama kwa wakatapila, n'kulonjeza thumba lathunthu pokolola. Pofika Meyi, ngolo imene ikutuluka m'munda mwake imakhotera kukhomo la wina. Ganyu nayenso amadya chimodzimodzi: masabata amene munda wako ukufuna kupalira ndi kubandira ndi omwewo amene uli m'munda mwa mnzako kufuna ufa wa madzulo, ndiye wako umabereka pang'ono, chaka chamawa n'kubwerezanso. Pabawo pakumveka za bambo wina amene anabwereketsa munda wake kwa bwana wa m'tauni, mmodzi wa alimi aja olima pafoni, ndalama n'kuthera matenda. Mvula itagwa anapita kukafuna ganyu, ndipo kapitawo anamulemba m'munda mwake momwe. Akuti tsiku limene bwana anabwera pagalimoto kudzaona mbewu, bamboyo ndi amene anamuyendetsa, kumusonyeza pamene pamadikha madzi ndi pamene pamamera kaufiti. Bwana anadabwa kuti waganyu akuudziwa bwanji munda chonchi. "Bwana, mchombo wanga adaukwirira cha apo." Anthu amaseka akafika pamenepa, kenako pamakhala kachetechete pang'ono wina asanatape njombwa.

Pabawo pomwepo pamakhala aphunzitsi ena opuma ntchito amene salola nkhani kudutsa osaipatsa mbiri. Iwo ndi amene amakumbutsa anzawo za Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1998. Sen adafufuza njala ya ku Bengal ya mu 1943, n'kusonyeza kuti anthu angathe kufa ndi njala chakudya chili m'dziko, ngati mitengo yathawa ndipo malipiro a waganyu atsalira m'mbuyo. Anzawo amawayankha kuti, "Aphunzitsi, zimenezo sitikusowa mmwenye kuti atiuze, tidaziona tokha." Akunena za 2002. Chaka cha 2001 chisanathe, chimanga cha m'nkhokwe za dziko, matani oposa 160,000, chidali chitagulitsidwa pafupifupi chonse, zokolola zidachepa, ndipo mitengo idakwera kangapo m'miyezi yowerengeka. Pofika Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi. Anthu adadya gaga ndi mizu ya nthochi, adagulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wa mbale ya ufa, chikhalirecho chimanga chinkaoneka pamsika kwa amene adali ndi ndalama. Chilala cha El Niño chitavuta, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024, ndipo kafukufuku wa boma adapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzafuna thandizo la chakudya. Mvula ikakana imakana mudzi wonse, koma amene amagona ndi njala amadziwika kale mayina mvula isanakane. Ine ndikamva mawu akuti chilungamo pa chakudya, ndimaganiza za mayina amenewo.

Za makuponi sizitha. Akuti m'mudzi wina muli agogo amene adatisiya kalekale koma dzina lawo limatuluka chaka ndi chaka, pamene mpongozi wawo, wamoyo ndi wamphamvu zake, sadatulukepo. Adzukulu amati agogowo adali munthu wamwayi kuyambira kale. Sabuside ya feteleza idayamba mu 2005 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo kwa zaka zingapo thumba linkaomboledwa pa K500. Mu 2020 idabwera sabuside yatsopano ya AIP, thumba pa K4,495, mabanja oposa 3 miliyoni n'kupindula. Mu 2022 mtengo udafika pa K15,000, chiwerengero cha opindula n'kumatsika chaka ndi chaka mpaka kutsala pafupifupi theka kapena kucheperapo. Makuponi a pepala adalowedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika, ndipo mawu akuti netiweki adalowa m'kamwa mwa agogo amene sadagwirepo foni. Amayi amagona pa depoti ndi ana kumsana, mavenda akuzungulira kufuna kugula ziphaso. Ndipo palibe amene waiwala za K750 miliyoni zimene zidalipidwa mu 2022 kukampani ya ku UK yogulitsa nyama kuti ibweretse feteleza, nkhani imene idatsatiridwa ndi kuchotsedwa kwa nduna ya zaulimi mu Okutobala chaka chomwecho. Mpaka lero wogulitsa kanyenya pa Kasiya amafunsidwa ngati ali ndi yuriya.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza wa kushopu adakwera mpaka kudutsa K100,000 pa thumba, ndipo pamenepo mbeya adatchuka: gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kusakaniza n'kufundika m'thumba kwa masabata atatu. Ampingo ena akuti amadziwa amene akupanga mbeya pongopatsana moni wa mtendere. Nyakwawa zambiri zimagawa thumba limodzi kwa mabanja awiri kapena atatu kuti pasakhale wolira, ndipo ine sindiziimba mlandu, zikuyesa kukonza ndi manja zimene mndandanda walakwitsa. Koma tinene zoona, wosaukitsitsa amene alibe ndalama yoombolera, kapena alibe mphamvu zolimira, feteleza samufika ngakhale dzina lituluke. Amagulitsa mwayi wake kuti adye lero. Kwa munthu wotere Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amagwira ntchito kuposa thumba la yuriya, ndipo ndalamayo imazungulira pamsika pomwe pano.

Kuchigayo, kumene amayi amakhala nthawi yaitali magetsi akazima, kwaphulika nkhani ya nthutumba. Bambo wina akuti anaitanitsa ankhoswe chifukwa mkazi wake anapha nkhuku, nthutumba n'kupatsa mwana wa zaka zitatu. Bamboyo anavundula m'mbale, kuvundulanso, osaipeza, ndipo anakana kudya. Ankhoswe atakhala pansi, wa kuchikazi anafunsa modekha. "Alamu, nkhukuyi anaweta ndani?" Mayi. "Madeya ankapereka ndani?" Mayi. "Chitopa chitabwera, katemera analipira ndani?" Apa bambo anayang'ana kudenga. Akuti mlandu unatha ndi chigamulo chakuti nkhuku yotsatira agule bambo ndi ndalama za fodya, ndipo nthutumba yake adye okha pamaso pa mboni. Amayi a kuchigayo akuti akudikirabe tsikulo.

Nkhaniyi imaseketsa, koma ikukhudza pamene chilungamo chimavuta kwambiri, m'mbale ya pakhomo. Chigwa cha Lilongwe chimadyetsa dziko, komabe ana okwinimbira ali ponseponse. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015–16 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Mwana wotere sikuti amagona ndi njala masiku onse. Amakhuta nsima, koma dzira limapita kumsika, nkhuku imadikira mlendo, nyama yabwino imapita m'mbale ya bambo, iye n'kutsala ndi msuzi. Alipobe apongozi amene amaletsa mayi woyembekezera kudya mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo amayi amawatchula onse osaphonya, koma wosunga ndalama si iwo. Mayi amafesa nawo fodya, kuthyola, kusoka, kusankha, koma tsiku la okushoni ku Kanengo amapita ndi bambo, ndipo nkhani za abambo obwerako patatha sabata ndi wailesi yatsopano ndi buledi mmodzi sizinathe m'dera lino.

Fodya ali ndi mbiri yake ya njala. Kwa zaka zambiri lamulo linkasungira fodya wa bale maesiteti okha, ndipo alimi ang'onoang'ono adaloledwa kumulima kuyambira mu 1990. Matenanti ankalandira chimanga pangongole kwa mwini esiteti, n'kudzadulidwa pogulitsa, ena n'kutuluka chaka chonse ali ndi ngongole m'malo mwa malipiro. Lamulo la zantchito lidakonzedwa mu 2021 kuti utenanti uthe. Pepala lidatero, koma m'zigafa zina mukadali mabanja ochokera kutali amene amadya poyeza ndi chigoba cha bwana.

Mtedza nawo uli ndi nkhani yake, ndipo iyi imandiwawa kwambiri. Kuno timalima mtedza wabwino, kuyambira Chalimbana wa makolo mpaka CG7 amene adatuluka mu 1990 kudzera m'kafukufuku wa ku Chitedze, pafupi pomwepa pamsewu wa ku Mchinji. Posankha, wonona ndi wosalala umalowa m'thumba la malonda, wofota ndi wachuku umatsala m'lichero kuti ukhale nsinjiro za pakhomo. Chuku chimenecho chimabala poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo akatswiri amamuganizira pa kupinimbira kwa ana. Ndiye mwana wa mlimi wa mtedza amadya umene wogula wakana. Mayi wina kuchigayo anati iye anasiya zimenezo, amayamba wapatula wa ana ake asanaone nkhope ya venda, ndipo anzake anamutcha dzina loti abwana. Iye akuti dzinalo walilandira.

Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, gulu la Soils, Food and Healthy Communities lakhala likugwira ntchito ndi alimi kuyambira mu 2000, kulimbikitsa kusakaniza nandolo, mtedza ndi soya m'minda, kusunga mbewu zamakolo, ndi masiku ophikira pamodzi pamene abambo amagwira mthiko pamaso pa mudzi wonse. Ofufuza adapeza kuti ana a m'mabanja amene adakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino. Nkhaniyi itafika kuchigayo, amayi anati abambo a kuno atayesa, nsima yake ingafune nkhwangwa. Mmodzi anati ayi, kumaliro adzukulu amaphika okha kumanda ndipo palibe anafa nayo.

Ana asukulu nawo ali ndi zawo. Amadziwa sukulu imene kuli phala ndi imene kulibe, ndipo akuti ena amasamuka ndi kapu yawo kutsata utsi. Likuni Phala, amene dzina lake lidachokera ku mishoni ya Likuni konkuno ku Lilongwe, kwenikweni ndi chimanga ndi soya, mbewu zimene timalima tokha. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kudyetsa ana m'Malawi mu 2002, ndipo m'maboma ena WFP imathandiza sukulu kugula chakudya kwa alimi oyandikana nazo. Ku Brazil adachita kuika m'lamulo mu 2009 kuti ndalama zosachepera 30 peresenti za chakudya cha m'sukulu zizigula kwa alimi ang'onoang'ono. Titachita zotere kuno, soya wa pa Mpingu sakadayamba wapita kutauni kuti akabwerenso m'thumba losindikizidwa, ndipo makalabu a alimi akadakhala ndi msika wodziwika tsiku ndi mtengo. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 30, amatchula chakudya pakati pa zinthu zimene boma liyenera kuonetsetsa kuti aliyense ali ndi mwayi wofanana wozipeza. Phala la mwana wa sitandade 1 lili m'gawo limenelo.

Koma nkhani imene imameza zonse, ikangoyamba, ndi ya mgodi. Dzina la Kasiya tsopano limatchulidwa m'misika ya masheya ku Australia ndi ku London. Kampani ya Sovereign Metals idalengeza mu 2022 kuti pansi pa minda ya kuno, kuphatikizapo cha ku Nsaru, pali dothi la matani pafupifupi 1.8 biliyoni lokhala ndi rutile ndi graphite, ndipo imati malo a rutile aakulu chonchi sadapezekepo kwina. Rutile amapangira titanium wa ndege, penti yoyera ndi ndodo zowotcherera zitsulo, graphite amalowa m'mabatire. Mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto idagula magawo 15 pa 100 a Sovereign, chaka chotsatira n'kuwonjezera kufika pafupifupi 20. Chimvekereni zimenezi, mayi wina akuti wasiya kuzira nyumba, ati sangamapondeponde chuma. Mnyamata wa kabaza akuti sakutsukanso njinga. Ndipo mitengo ya mango ikudzalidwa mwachangu m'malo amene sadaonepo mbande, poti kwamveka kuti chipukuta misozi chimawerengera mitengo. Alangizi a zankhalango adalankhula zaka ndi zaka osamveka, lero mbande zikusowa.

Pansi pa nthabwalazi pali mantha enieni. Rutile wa kuno sali m'thanthwe lakuya, ali m'dothi lofewa la pamwamba, ndipo pa makilogalamu 100 a dothi, rutile ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Kuti apezeke wokwanira, payenera kufukulidwa malo aakulu, omwe lero ndi mizere ya chimanga ndi mtedza. Kampani imanena kuti izidzakumba chigawo n'kukwirira, nthaka n'kubwerera kwa alimi, ndipo mu 2024 idakumba dzenje loyeserera, kulikwirira ndi kudzalapo mbewu pofuna kusonyeza zimenezo. Yakhalanso ikuphunzitsa alimi ena ulimi wosunga chinyezi ndi chonde. Achinyamata ambiri akuyembekeza ntchito, ndipo ndani angawadzudzule, poti ena mwa anzawo ali ku Joni chifukwa chosowa chochita. Agogo ena anangoti, "Adzukulu, fodya wako ndi uyo ali pamphuno," n'kupitiriza kusenda mtedza. Ena amatchula Kayelekera ku Karonga, kumene mgodi wa uranium udatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, anthu akufunsabe chimene adatsala nacho.

Funso limene likuzungulira kwambiri ndi lakuti ndalama zikadzabwera zidzagwera m'dzanja la yani. Kuno funsoli lili ndi mbiri. Mu 1967 boma lidakhazikitsa malamulo olembetsa malo, ndipo chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chidayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, chidadula minda ya kumadzulo kwa Lilongwe m'zigawo za mabanja, zija timati ndunda. Pepala linkalembedwa m'dzina la mtsogoleri wa banja, kawirikawiri mwamuna, mwini mbumba, pamene mwa chikhalidwe chathu cha Chichewa munda umayenda ndi mbumba, ndipo ogwira khasu tsiku ndi tsiku ndi alongo ake, ana awo ndi akamwini. Papita zaka zoposa 50, ambiri mwa olembedwa aja adagona, ndipo mabanja achulukana. Akuti amalume ena amene sadapondeko kumudzi chimwalirireni mayi awo ayamba kubwera Loweruka lililonse ndi shuga ndi buledi, kufunsa za umoyo wa aliyense ndi za kumene kudasungidwa mapepala. Alongo awo akulandira shugayo ndi manja awiri, mapepala osatulutsa.

Pali zinanso zimene munthu woyenda ndi tepi ndi kabuku sangazione. Angawerenge nyumba, mitengo ndi maekala, koma banja la kuno limadyanso kudambo ndi m'malire mwa minda: bonongwe, chisoso, luni ndi denje zomera zokha, bowa wa m'dzinja, ngumbi za pachulu, mbewa za m'chilimwe, dimba la mpiru ndi tomato limene limagula sopo mu Okutobala, mfutso umene umapulumutsa ndiwo zikasowa. Zonsezi zilibe lisiti, ndipo ambiri odalira zimenezi ndi amayi ndi osauka. Ndalama ya chipukuta misozi imabwera kamodzi n'kutha, munda umabereka chaka chilichonse. Za manda ndi dambwe akuluakulu amakamba okha, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Lamulo la migodi limafuna kuti kampani yaikulu ipangane ndi anthu a m'dera za chitukuko chawo, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 limati m'komiti ya malo, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Malamulo amenewa ndi abwino, ndipo ndikadakonda kuti awerengedwe mokweza m'Chichewa pabwalo lililonse la mfumu, kuyambira kwa Khongoni mpaka kwa Kabudula, anthu asanasaine chilichonse.

M'mudzi wina anyakwawa anaitanitsa msonkhano woti mabanja akambirane okhaokha za minda ndi mayina, n'kuuika 7 koloko m'mawa. Amayi anatumiza nthumwi yawo, mayi wamkulu wa mpingo, kukagwada pakhomo. "Zikomo mfumu. Nthawi imeneyo ife tili kumjigo, ena akuphikira ana asukulu, ena ali kudimba. Mukauchita m'mawa mukambirana ndi abambo okhaokha za minda imene timalima ife." Mfumu akuti inakanda m'mutu, n'kufunsa nduna zake, n'kuusunthira 2 koloko masana. Amayi apemphanso kuti mayina aziwerengedwa mokweza mmodzimmodzi, munda ndi munda, wolembedwa ndi wolima, ndipo apeza kale mtsikana wa folomu 4 woti azilemba m'kope lawolawo. Abambo ena akudandaula kuti 2 koloko ndi nthawi ya bawo.